Ululu wa pachinena mwa mwamuna wa transgender wobayitsa testosterone: lipoti la wodwala mmodzi

Lipotili ndi la anzanga a fiziyo (ochiza minofu ndi mafupa kudzera m'masewera olimbitsa thupi), anamwino ndi madokotala amene amalandira anthu odandaula ululu wa pachinena, mavuto a mkodzo kapena kupweteka pogonana. Mwini nkhaniyi anavomera kuti ilembedwe, bola dzina lake, ntchito yake ndi kumene amakhala zisatchulidwe, ndipo ndachita momwemo.

Mmene anafikira kwa ine

Wodwalayu ndi mwamuna wa transgender wa zaka 31. Anabadwa ndi ziwalo zachikazi, koma amadzidziwa kuti ndi mwamuna ndipo ndi mmene amakhalira. Pamene ankafika kwa ine n'kuti atabayitsa testosterone, homoni yachimuna, kwa zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, motsatira malangizo a dokotala. Msambo unasiya m'miyezi yoyambirira, monga zimachitikira kwa ambiri. Opaleshoni sanachitepo. Chiberekero, khomo lake ndi mabasiketi a mazira zonse zilipo, ndipo pachifuwa amavala bainda, chovala chothina chija chimene chimafinya mabere kuti asaonekere.

Kalata yomutumizira inali yaifupi: matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza, mkodzo umadontha, aphunzitsidwe kulimbitsa minofu ya pansi pa chiuno. Mwiniwake anali ndi zambiri kuposa pamenepo. Kwa chaka chathunthu ankamva kuotcha pokodza, mkodzo unkamupana mwadzidzidzi, ndipo pachinena pankalemera ndi ululu umene unkakula kukamada. Maantibayotiki anali atamwa kangapo konse. Nditasanthula zotsatira zakale ndinapeza kuti pa maulendo onsewo, kamodzi kokha ndi pamene ku labu anapeza mabakiteriya atamera mu mkodzo wake. Maulendo enawo mankhwala ankaperekedwa potengera kapepala koviika mu mkodzo, kamene kankasonyeza maselo oyera a magazi basi. Kwina anamuuza kuti azichita ma Kegel, aja ofinya minofu ngati ukugwira mkodzo, ndipo iye, poti ndi munthu wakhama, ankafinya ali pabasi, ali kuntchito, ngakhale atagona. Ululu unangowonjezeka. Kwina anamuuza kuti ayambe wasiya testosterone aone ngati zisinthe. Atamva imeneyo sanabwererekonso, ndipo anatha miyezi ingapo osaponda pachipatala chilichonse.

Tsiku loyamba: mafunso okhaokha

Atangokhala pansi ndinamuuza kuti tsiku limenelo savula chilichonse. Mapewa ake anatsika ndikuona. Ndinamufunsa dzina limene akufuna ndizimuitanira, kenako ndinati: "Achimwene, tikambirana za ziwalo za kumunsi. Inu mumazitchula bwanji? Ndizigwiritsa ntchito mawu anuwo." Anayankha kuti njira yopita ku chiberekero amangoti kutsogolo, inayo amati kumbuyo. Mu lipoti lino nditsata mawu akewo. Tinagwirizananso zimene zilembedwe m'faelo imene ena amawerenga. M'mayiko ambiri malamulo amalanga kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo ngakhale kumene salanga, faelo yodutsa m'manja mwa anthu ambiri ikhoza kumuchotsetsa munthu ntchito kapena kumuthamangitsa panyumba. Munthu sangakuuze zoona asanadziwe kumene mawu akewo akupita.

Funso limene linatsegula nkhani yonse ndi la kugonana. Sindifunsa kuti "muli pabanja?" chifukwa yankho lake silindithandiza kalikonse. Ndimafunsa kuti munthuyo amagonana ndi anthu a ziwalo zotani, ndipo chiwalo chiti chimakhudzana ndi chiti. Anakhala chete kaye, kenako anati chiyambire kudwala palibe amene anamufunsapo zimenezi. Onse ankangoganiza kuti poti ndi mwamuna, ndiye kuti amagonana ndi akazi, kapena kuti sagonana n'komwe. Zoona zake n'zakuti ali ndi chibwenzi chachimuna, ndipo amagonana kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kutsogoloko kunkaotcha ngati pali bala, nthawi zina pankatuluka timagazi, ndipo akafika pachimake m'mimba munkapotokola kwa ola kapena kupitirira.

Za kulera anaseka. Anati iye sasamba, ndiye mimba ichokera kuti? Apa ndinaima kaye, chifukwa chikhulupiriro chimenechi n'chofala ndipo n'choopsa. Testosterone si njira yolerera. Munthu akhoza kusiya kusamba koma dzira n'kumakhwima mwa apo ndi apo, ndipo mimba ikabwera, testosterone ikhoza kuvulaza mwana ali m'mimba. Makondomu ankagwiritsa ntchito nthawi zina, koma ankang'ambika kawirikawiri. Nditafunsa chimene amadzola kuti kuterere, anati mafuta odzola pathupi a m'botolo. Mafuta otere amafooketsa mphira wa kondomu. Komanso posintha kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo sankasintha kondomu, ndipo kutero ndi njira yachidule yotengera mabakiteriya a m'matumbo kupita nawo pakhomo pa njira ya mkodzo.

Za chimbudzi ndinamupempha kuti alembe kwa masiku atatu nthawi imene wamwa ndi imene wakodza. Pepala limene anabwera nalo linali loti ukaliona umangogwira pakamwa. Ankakodza m'mawa asanatuluke, kenako mpaka madzulo atabwerera kunyumba, maola khumi kapena kuposa. Munthu wamkulu amene akumwa mokwanira amakodza pafupifupi maola atatu kapena anayi alionse masana. Iye kuntchito sankamwa madzi dala. M'chimbudzi cha amuna chipinda chotseka ndi chimodzi ndipo loko wake ndi wothyoka. Cha akazi sangalowemo ndi ndevu zakezo. Si iye yekha. Pa kafukufuku wamkulu wa anthu a transgender ku United States wa mu 2015, anthu 59 pa 100 alionse anati m'chaka chimenecho anapewapo zimbudzi za anthu onse chifukwa cha mantha, ndipo 32 pa 100 anati ankachepetsa kudya ndi kumwa kuti asafune chimbudzi. Wodwala wangayu, poti sankamwa, ankadzimbidwanso, n'kumadzikakamiza pochita chimbudzi.

Zimene tinapeza

Ndisanamugwire ndinamutumiza kwa dokotala amene ndimagwira naye ntchito, ndipo ndinamuimbira kaye dokotalayo kuti wodwalayo asakayambenso kudzifotokoza kuchokera pachiyambi. Munthu amene anasiya kusamba kalekale akayamba kuona magazi, fiziyo asathamangire kunena kuti ndi minofu. Anamuyeza mimba, ndipo panalibe. Anamuyeza HIV, chindoko, chinzonono ndi chlamydia, ziwiri zomalizazi kuchokera kutsogolo, kumbuyo ndi kukhosi, pakuti mkodzo wokha sungaonetse matenda amene ali kwina. Zonse zinatuluka bwino. Sikani ya pamimba sinaonetse chotupa. Mkodzo wa ulendo umenewo sunameretse kanthu, ngakhale kuti kuotcha kunali pomwepo.

Kwa ine tinayamba ndi kupuma. Atavala bainda, mpweya unkathera pamwamba pa chifuwa; nthiti za m'munsi sizinkasuntha, ndipo mimba ankaikokera m'kati nthawi zonse, chizolowezi chimene anayamba ali wachinyamata pofuna kubisa maonekedwe a thupi. Bainda ankavala kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo akagona kwa chibwenzi chake sankavula. Mnofu waukulu wopumira wa pansi pa mapapo ndi minofu ya pansi pa chiuno zimayendera limodzi: ukakoka mpweya zonse zimatsika, ukatulutsa zimakwera. Kumtunda kukamangika, kumunsi nakonso kumasowa pomasukira. Kafukufuku wa anthu 1,800 omanga pachifuwa amene anasindikizidwa mu 2017 anapeza kuti oposa 97 pa 100 alionse anali ndi vuto limodzi kapena angapo lochokera ku kumangako, monga kupweteka kwa msana ndi kubanika.

Kuyeza m'kati kunachitika pa ulendo wina, iye mwini atanena kuti wakonzeka. Tinagwirizana kuti ndizinena chimene ndikufuna kuchita ndisanachite, chala chikhale chimodzi, popanda chipangizo chotsegulira njira, ndipo akati "basi" ndisiya pomwepo osafunsa chifukwa. Anapempha kukhala chotsamira m'malo mogona chagada, ndi kugwira yekha galasi loonera. Khungu la pakhomo linali lotuwa, lopyapyala ndi louma, ndipo chakumunsi kwake kunali kamng'alu kakang'ono. Timagazi tija tinkachokera pamenepo. Nditamuuza kuti afinye, minofu inangogwedezeka pang'ono, chifukwa inali yofinyika kale. Nditamuuza kuti amasule, palibe chinasintha. Nditakanikiza pang'ono mnofu wa pansi pa chiuno wotchedwa levator ani, mbali ya kumanzere, anadzidzimuka n'kunena kuti: "Ndi umenewo. Ululu wake ndi umenewo, ndipo ndikumva ngati ndikodza." Kumanja kunalinso chimodzimodzi, pamodzi ndi mnofu wina wa m'mbali mwake wotchedwa obturator internus.

Apa chithunzi chinaoneka chonse. Testosterone imatsitsa mphamvu ya estrogen, homoni yachikazi, pa khungu la kutsogolo ndi la njira ya mkodzo, mofanana ndi zimene zimachitikira amayi amene anasiya kusamba chifukwa cha msinkhu. Khungu limapyapyala, chinyezi chimachepa, mabakiteriya abwino a lactobacillus amachepa, ndipo munthu amamva kuotcha kofanana ndendende ndi matenda a m'chikhodzodzo popanda kachilombo. Maselo oyera aja pa kapepala akhoza kuchokera pa khungu lotupali. Ululu ukabwera, minofu imadzikunga podziteteza. Onjezerani kugwira mkodzo tsiku lonse, kudzimbidwa, bainda, ndiye pamwamba pake ma Kegel. Kwa iye ndinafotokoza ndi nkhonya: fumbatani dzanja kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kenako wina akuponyereni mpira kuti muwakhe. Dzanjalo silifooka chifukwa chosowa mphamvu, latopa ndi kufumbata. Kudontha kwa mkodzo kuja kunali kotero.

Zimene tinasankha, ndi pamene panavuta

Ma Kegel tinaimitsa tsiku lomwelo. M'malo mwake anayamba kuphunzira kumasula: kugona chagada atavula bainda, manja pa nthiti za m'munsi, kukoka mpweya mpaka amve pansi pa chiuno pakutsika, kugwada n'kukhalira zidendene mutu uli pansi, kutambasula minofu ya m'kati mwa ntchafu. Sindinamuuze kuti asiye bainda. Langizo lotero likanangomuthamangitsa ngati lija la testosterone, chifukwa kwa iye bainda ndi imene imamulola kutuluka m'nyumba. Tinagwirizana zoti asagone nayo, ayesetse kusapitirira maola 8 pamene zingatheke, apeze ya saizi yokulirapo pang'ono, ndipo masana azipeza mphindi zochepa zoimasula n'kupuma mozama.

Za chimbudzi sizinali za minofu ayi, zinali za mapu. Tinakhala pansi n'kuganizira malo onse apakati pa kunyumba ndi kuntchito kwake kumene kuli chimbudzi cha munthu mmodzi chotsekeka bwino. Anapeza awiri. Kuchokera pamenepo anayamba kumwa madzi masana ndi kukodza pa nthawi yoikika, atakhala pansi bwinobwino, osadzikakamiza. Pochita chimbudzi chachikulu ankaponda pa kampando kuti mawondo akwere kuposa chiuno.

Pamene tinalimbana kwambiri ndi pa estrogen. Dokotala ananena kuti khungu lija likufunika estrogen yoika pamalo pomwepo. Wodwalayo atangomva dzinalo nkhope inasintha. Anati wavutika zaka zambiri kuti homoni imeneyo ichoke m'thupi mwake, ndiye lero tikumuuza kuti aibwezeretse ndi manja ake? Anakana, ndipo sitinamukakamize. Kwa milungu ingapo tinapitiriza ndi zina zija. Minofu inayamba kumasuka, ululu wa madzulo unachepa, koma kuotcha ndi kamng'alu sizinasunthe. Ndi iye mwini amene anadzabweretsanso nkhaniyo. Ndinamufotokozera kuti mlingo wake ndi wochepa kwambiri, umagwira ntchito pa khungu pomwepo, ndipo wolowa m'magazi ndi wochepa zedi moti subweza mawu, ndevu kapena msambo. Dokotala analonjeza kuti akafuna adzamuyeza mahomoni m'magazi kuti adzionere yekha. Chinanso chimene chinkamunyansa ndi kirimu ndi kachubu kake kolowetsera. Atamva kuti pali kapiritsi kakang'ono ka estradiol, mtundu wa estrogen, koika ndi chala, anavomera. Anayamba mwa nthawi zonse: tsiku lililonse kwa milungu iwiri, kenako kawiri pa mlungu. Anzanga, kukana koyamba kuja musakuwerenge ngati mwano. Akanakakamizidwa tsiku loyamba, mankhwalawo akanathera m'dirowa ndipo ife tikanalemba kuti sanagwire ntchito.

Ulendo wina anabwera ndi chibwenzi chake, mwa kufuna kwake. Mnzakeyo ankadziwa bwino za kugonana kumbuyo, koma za kutsogolo ankangoganiza kuti kumanyowa kokha, ndipo kukauma ndiye kuti wodwala wangayu sakumufuna. Nkhani imeneyi inali itayamba kuwadanitsa. Zimene anaphunzira ali ana zinali za mwamuna ndi mkazi, mimba ndi matenda. Za thupi ngati ili panalibe amene anawauzapo. Tinakambirana mosapita m'mbali. Mafuta oterera akhale opangidwa ndi madzi kapena silicone, ndipo akhale ambiri. Kondomu isinthidwe pochoka kumbuyo kupita kutsogolo. Mkongo umakula ndi testosterone ndipo umamva msanga, kotero kukhudza kumene kunali bwino kale kukhoza kupweteka tsopano. Kulowetsa kutsogolo aime kaye mpaka khungu lipole, koma izi sizikutanthauza kuti asiye kugonana, pakuti njira zosangalatsana zilipo zambiri. Pobwerera, ayambe ndi chala chake iye mwini, kenako tizipangizo tofutukulira njira kuyambira kakang'ono, ndipo ululu ukayamba aime, osaluma mano.

Panatulukanso nkhani ya PrEP, mapiritsi oteteza munthu kuti asatenge HIV. Mnzakeyo ankamwa mwa njira ya 2-1-1, ija yomwa mapiritsi awiri usanagonane ndi limodzi limodzi masiku awiri otsatira, ndipo ankafuna kuti wodwala wanga azichita chimodzimodzi. Njira imeneyo sinavomerezedwe kwa munthu amene amalandira kutsogolo. Kwa iye mapiritsi ndi a tsiku ndi tsiku. Dokotala anamuyambitsa motero. Pa kulera anasankha implanti ya pamkono, imene ilibe estrogen ndipo siisowa kuyezedwa kumunsi poika.

Kubwerera m'mbuyo

Patapita miyezi iwiri zinthu zikuyenda, anaimba foni kuti kuotcha kwabwerera, ndipo nthawi ino mkodzo ukununkha komanso akumva kuzizidwa. Anali atasinthidwa malo ogwirira ntchito, mapu athu aja anatha ntchito, ndipo anayambiranso kugwira mkodzo tsiku lonse. Iye ankafuna kungobwera kwa ine kuti timasule minofu, poti anali ataphunzira kuti vuto lake "si matenda". Ndinamuuza kuti ayambe wapita kukayezetsa mkodzo tsiku lomwelo. Ku labu kunamera E. coli, mabakiteriya a m'matumbo, ndipo maantibayotiki oyenera anamuchiza m'masiku ochepa. Ndaika gawo limeneli dala. Tikapeza kuti munthu ankapatsidwa maantibayotiki pachabe, n'kosavuta kugwera mbali inayo n'kumati kuotcha kulikonse ndi minofu. Munthu wa khungu lopyapyala amene amagwira mkodzo ndiye amene matenda enieni amamugwira msanga. Zizindikiro zikasintha mtundu, mkodzo upite ku labu.

Matendawo anakunganso minofu, koma ulendo uno anadziwa chochita ndipo sizinatenge nthawi. Dokotala anamulembera kalata yopita kuntchito yonena kuti pa zifukwa za umoyo akufunika chimbudzi chotsekeka ndi mpata wopitako masana. Kalatayo sinatchule china chilichonse.

Zoti anzanga aganizirepo

Zipatala zimene anadutsamo zinalakwitsa mbali ziwiri zosiyana. Ena anachita ngati testosterone ndi moyo wake wogonana palibe, n'kumachiza chikhodzodzo chokha. Ena anaona testosterone yokhayo n'kuti aisiye. Bungwe la WHO linachotsa kusagwirizana kwa mmene munthu amadzidziwira ndi thupi lake pa mndandanda wa matenda a maganizo mu ICD-11, kaundula wake wa matenda amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo malangizo a chaka chomwecho a WPATH, bungwe la akatswiri a zaumoyo wa anthu a transgender, amanena kuti chisamaliro chiziyendera ziwalo zimene munthu ali nazo. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku zimenezi zikutanthauza zinthu wamba: ngati chiberekero chilipo, mimba iyezedwe, ngati khomo lake lilipo, khansa iyezedwe, ngati khungu lauma, lipatsidwe mankhwala ake.

Ululu wa m'chiuno mwa anthu obayitsa testosterone si wachilendo. Pa kafukufuku wa ku Australia wa anthu 486 amene anasindikizidwa mu 2023, pafupifupi 72 pa 100 alionse anati anamvapo ululu wotere atayamba mankhwalawa. Chiwerengerochi ndimachitenga mosamala, chifukwa anthu ankayankha mwa kufuna kwawo pa intaneti ndipo amene ali ndi ululu ndiwo amakonda kuyankha. Komabe n'chokwanira kutiuza kuti tizifunsa, osadikira kuti wodwala ayambe yekha.

Pamene tinalekezera

Pofika mwezi wachisanu kuotcha pokodza kunali kutatha, mkodzo sunkadonthanso, kamng'alu kanapola, ndipo anali atayambiranso kugonana kutsogolo popanda magazi. Khansa ya khomo la chiberekero anali asanayezetsepo chibadwire, poopa chipangizo chotsegulira njira. WHO imalimbikitsa kuyeza HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, kuyambira zaka 30, kapena 25 kwa amene ali ndi HIV, ndipo imavomereza kuti munthu adzitenge yekha zokayeza ndi kathonje. Khungu litapola anadzitenga yekha, ndipo HPV sinapezeke. Njira imeneyi ili ndi ubwino winanso kwa obayitsa testosterone, pakuti Pap smear yawo, kuyeza kuja kopala maselo a pa khomo la chiberekero, imabwerera kuchokera ku labu ndi yankho loti maselo sanakwane kawirikawiri kuposa ya anthu ena.

Chimene sichinathe ndi kupotokola kwa m'mimba akafika pachimake. Kunachepa, kuchoka pa ola kufika pa mphindi zingapo, ndipo botolo la madzi ofunda ndi kupuma kuja zimamuthandiza, koma kulipobe. Iye akuganiza zochotsa chiberekero, zimene ankazifuna kale ululu usanayambe, ndipo dokotala wamutumiza kwa katswiri wa matenda a ziwalo zoberekera kuti akakambirane, kuphatikizapo nkhani yoti ngati angadzafune mwana wobereka yekha aganizire opaleshoniyo isanachitike. Ine ndinamuuza kuti opaleshoni ikhoza kuthetsa ululu wochokera m'chiberekero, koma wa minofu sungachoke ndi mpeni, ndipo kuuma kuja kudzafunabe estradiol malinga ngati akubayitsa testosterone. Tinagwirizana kuti tsiku la opaleshoni likadziwika adzabwera tionane isanachitike, kenako tidzapitirize akachira.